Mphaka wathu wagwidwa chimfine ndipo sakudya, ndithandizeni

Abale, ndili ku Chitakale, Mulanje. Chiyambire chiperoni chino mphaka wathu wakhala akuyetsemula. Maso adzaza manthongo, mamina akuumira m'mphuno moti akupuma mwaphokoso. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'choti sakudya. Ngakhale usipa umene amaukonda akungouyang'ana n'kutembenuka. Ameneyu ndiye watisungira chimanga kwa makoswe, ndipo ana amasewera naye tsiku lonse. Apongozi anga akuti ndimuphwanyire Panado mumkaka. Nditero? Nanga anawa angatengeko matendawa?

Mayi wa ku Luchenza: Chonde achemwali, Panado ayi! Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa paracetamol, mankhwala a mu Panado, m'thupi, ndipo kachidutswa kokha kakhoza kumupha. Apongozi muwafotokozere bwinobwino, mwina angamupatse inu kulibe.

Bambo wa ku Bvumbwe: Kawirikawiri chimfine chimenechi chimabwera ndi mavairasi awiri, herpesvirus ndi calicivirus a amphaka. Kwa anthu sapita, koma ngati muli ndi mphaka wina, alekanitseni mbale ndi pogona. Wodwalayo akukana chakudyacho chifukwa sakumva fungo. Wiritsani usipa kapena nkhuku popanda mchere, popanda anyezi, mumusinire, mumupatse kakadali kofunda kuti fungo limveke. Musanamupatse, mupukuteni mphuno ndi maso ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ofunda, diso lililonse thonje lake.

Wofunsa: Zikomo bambo. Usiku amagona kukhitchini pafupi ndi mbaula chifukwa cha kuzizira. Pamenepo palibe vuto?

Bambo wa ku Bvumbwe: Utsi umamuwonjezera kubanika. Muikireni nsanza m'katoni, m'chipinda mopanda mphepo. Nthunzi ndiyo imamasula mamina: beseni la madzi otentha pafupi naye kwa mphindi 10, inu muli pomwepo kuti asapse.

Mayi wa ku Luchenza: Mumuone m'kamwa. Ngati pa lilime pali zilonda kapena akuchucha dovu, kudya kukumupweteka. Ambiri amachira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma masiku awiri osadya, kapena kupuma atayasama, musadikirenso. Pitani kwa alangizi a ziweto. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira angafunike maantibayotiki, koma mulingo wake anene ndi iwowo, osati makapisozi a pagolosale.

Wofunsa: Lero ndi tsiku lachiwiri asanadye. Ndiyesa usipawo madzulo ano, akakananso mawa m'mawa ndimunyamula. Alipo amene akudziwa ngati alangizi a ziweto ku boma amaonanso amphaka?